Mwana wanga wa zaka 31 akugona m'makonde pa Mangochi boma, ndichite chiyani?

Funso

Ndine mayi wa zaka 58, ndimakhala mbali ya ku Mpondasi kuno ku Mangochi. Mwana wanga wachiwiri, wamwamuna, ali ndi zaka 31. Anapita ku Joni kukasaka ntchito ngati anzake, koma patatha zaka zinayi anamugwira chifukwa cha mapepala n'kumubweza chimanjamanja. Atafika anapeza banja lake latha, ndipo kwawo kwa mkazi, komwe kuli ana ake awiri, anamuuza kuti alibeko malo. Tinamulandira pakhomo, koma anayamba kumwa mowa usana ndi usiku. Anagulitsa chimanga cha m'nyumba, kenako njinga ya bambo ake, ndipo bambo akewo anamuthamangitsa. Chaka chikukwana tsopano akugona m'makonde a masitolo pa boma. Nthawi zina amasowa, timangomva kuti ali kunyanja akuthandiza asodzi. Ndikamupeza ndalama amalandira, koma zobwera kunyumba amakana. Ena akuti anamulodza ku Joni, ena akuti ndinamulera momusasatitsa. Ine tulo sindikuliona, BP yakwera. Kodi ndimubweze bwanji? Nanga ine ndikhale bwanji ndi mtima umenewu?

Yankho

Mayi, pepani kwambiri. Pa ntchito yanga yothandiza mabanja a anthu odwala maganizo ndi a anthu omwa mowa mwauchidakwa, ndakhala pansi ndi amayi ambiri amene anandifunsa ngati momwe mwafunsira inumu, ndiye sindikunamizani. Njira yomubwezera mwana wanu kunyumba iye asakufuna palibe. Mwana sakulira nakubala, n'zoona, koma pamaso pa malamulo komanso pamaso pake iye mwini, uyu ndi bambo wamkulu, ndipo miyendo yobwerera nayo ndi yake. Chimene inu mungathe ndi kuthandiza kuti akhalebe ndi moyo, kuti pakati pa inu ndi iye pasatsekeke, ndiponso kuti tsiku limene adzafune thandizo adzakupezeni muli ndi mphamvu. Poyerekeza ndi zimene mtima wanu ukufuna, izi zikhoza kuoneka zochepa. Koma anthu amene ndawaona akuchoka m'makonde, pafupifupi onse anali ndi wachibale mmodzi amene sanasiye kuwaonekera.

Tiyambe ndi chifukwa chimene akukanira kubwera. Kuno ku Mangochi ulendo wa ku Joni si ulendo wamba. Mnyamata akapita, mudzi wonse umadikira nyumba ya malata, njinga yamoto, foni ya mayi ake. Anzake ena abwera nazo zimenezo, ndipo nyumba zawo mwana wanu amaziona akamadutsa. Iye wabwera wopanda kanthu. Ambiri obwezedwa amayamba asungidwa ku Lindela, malo a ku Krugersdorp kufupi ndi Johannesburg kumene boma la South Africa limasungira alendo oti abwezedwe kwawo, ndipo amachokako katundu wawo yense atatsala m'chipinda chimene ankachita lendi. Onjezani apo mwambo wathu wa chikamwini. Mwamuna amamanga kwawo kwa mkazi, ndiye banja likatha, nyumba, munda ndi ana zimatsala komweko, iye n'kunyamula chikwama. M'kanthawi kochepa mwana wanu anataya ntchito, mkazi, ana, nyumba ndi ulemu. Kumudzi aliyense akudziwa zimenezi. Pakhonde la sitolo palibe amamufunsa kuti wabwera ndi chiyani. Sindikumuikira kumbuyo pa nkhani ya chimanga ndi njinga, kumeneko kunali kulakwa. Ndikungofuna muone kuti akamakana kubwera, sikuti akukana inuyo. Nthawi zambiri ndi manyazi, ndipo munthu wamanyazi mukamukalipira amangothawira kutali.

Chachiwiri chofunika kuchidziwa n'chakuti, kodi vuto ndi mowa wokha, kapena pansi pa mowawo pali matenda? Izi mungazione nokha. Mukamuone m'mawa asanamwe, ndipo mumvetsere bwino. Kodi nkhani yake ikulondoleka? Amayankhula kapena kuseka yekha ngati akuyankha munthu amene inu simukumuona? Amakana chakudya chanu ponena kuti mwathiramo mankhwala? Amanena kuti pali anthu akumulondalonda kuchokera ku Joni? Wavala zovala zosanjikiza dzuwa la Mangochi likuswa mtengo, kapena akutolera zinyalala m'thumba? Zizindikiro zotere zimaloza ku matenda a maganizo amene nthawi zambiri amayamba munthu ali mnyamata, ndipo chamba chimawakolezera. Palinso matenda ena osachita phokoso. Munthu amangokhala ndwii, chakudya osachifuna, kusamba osakulabadira, n'kumanena kuti bola kufa. Mawu amenewo musawatenge ngati zoyankhula za mowa. Mufunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu, ndipo akavomera, tsiku lomwelo ndi la kuchipatala.

Pa chipatala cha boma cha Mangochi kafunseni anamwino kapena madokotala oona za matenda a maganizo. Mukhoza kupita nokha koyamba, wodwalayo palibe, n'kukafotokoza zimene mwaona. Thandizo la m'zipatala za boma ndi laulere, ndipo odwala amene matenda awo akula amawatumiza ku Zomba Mental Hospital. Anthu ambiri amaopa dzina la Zomba ngati kuti wopita kumeneko sabwerako, pamene ambiri amagonekedwa kwa kanthawi n'kutuluka, mankhwala n'kumakalandirira kufupi ndi kwawo. Kwa munthu wosakhazikika ngati mwana wanu, kafunseni za jakisoni wobaya kamodzi pa masabata angapo, chifukwa mapiritsi a tsiku ndi tsiku munthu wogona panja sawasunga. Mankhwalawa nthawi zina amaumitsa khosi, kunjenjemeretsa manja kapena kugonetsa kwambiri. Zikatero musamusiyitse, bwererani kuchipatala, alipo mankhwala ochepetsa zimenezo. Ndipo ngati atafika poopseza moyo wake kapena wa anthu ena, pamenepo achipatala mothandizana ndi apolisi akhoza kumutenga ngakhale akukana. Koma kugona pakhonde pakokha si chifukwa chomugwirira munthu mokakamiza.

Pali chinthu chimodzi chimene mabanja amachita ndi mtima wabwino koma chimatha kupha. Amamugwira munthu, kumutsekera m'nyumba kapena kumumanga unyolo kuti mowa umuchoke. Munthu amene wakhala akumwa kachasu tsiku lililonse kwa miyezi yambiri akasiya mwadzidzidzi, thupi limasokonekera. Amayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta, ndipo pofika tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amakomoka ngati akhunyu, kuona zinthu zimene palibe, mwinanso kumwalira. Ngati mwana wanu atanena kuti akufuna kusiya, masiku oyambawo akhale pafupi ndi achipatala, amene ali ndi mankhwala omuthandiza kudutsa nthawi imeneyo.

Za kulodzedwa sinditsutsana nanu m'kalata, chifukwa ndikudziwa kuti munthu akasowa mtengo wogwira amayesa khomo lililonse. Pempherani, itanani abusa kapena ashehe, zimenezo zimalimbitsa mtima. Chimene ndikukupemphani n'chakuti zisalowe m'malo mwa chipatala, ndipo musagulitse mbuzi kapena munda chifukwa wina walonjeza kuti achotsa chimene anamuika ku Joni. Ndaona mabanja akumaliza chuma chonse motero, n'kufika kuchipatala patatha zaka, matenda atazika mizu.

Tsopano za maonanidwe anu, pamene ndikufuna tikhalitsepo. Panopa mumamusaka mtima ukakuwawani, mumamupeza mwangozi, mumalira, mumamupatsa ndalama, mumamuchonderera, iye amakana, mumabwerera kunyumba mutasweka. Zimenezi zikukuthani nonse awiri. Sankhani tsiku limodzi pa sabata, nthawi imodzi ndi malo amodzi, ndipo mumuuze: "Lachisanu lililonse m'mawa ndizikhala pansi pa mtengo uja kuseri kwa msika. Ukabwera tidyera limodzi, ukapanda kubwera ndidzabweranso Lachisanu linalo." Mutenge kontena ya nsima ndi usipa, kachidutswa ka sopo, malaya ochapa. Yalani chitenje, khalani pansi, musambitseni m'manja monga mumachitira kunyumba, mudye naye mbale imodzi. Muuzeni za kumudzi: kuti denga la khitchini likudontha, kuti mwana wake wamkulu wayamba sukulu, kuti azakhali ake akudwala mwendo. Mufunseniko nzeru pa kanthu kena, ngakhale ka mtengo wa malata, popeza munthu amene aliyense amangomulangiza amaiwala kuti naye ali ndi mutu. Za kubwera kunyumba muzitchule kamodzi, mwachidule, osazibwereza ulendo uliwonse. Fupa lokakamiza limaswa mphika. Masabata ena sadzabwera, ena adzabwera ataledzera. Akabwera ataledzera n'kuyamba mwano, musakangane naye. Siyani chakudyacho, nenani kuti tionana Lachisanu, nyamukani.

Ndalama m'manja siyani kumupatsa. Inu mukudziwa kumene zimapita. M'malo mwake pezani mayi mmodzi wokhulupirika wogulitsa nsima pamsika, muzimulipiriratu kapena kumutumizira pa Airtel Money kapena Mpamba, kuti mwana wanu akafika azilandira mbale yake. Bulangete mugule la pakaunjika lotsika mtengo, podziwa kuti likhoza kugulitsidwa, ndipo likagulitsidwa musadwale nalo mtima. Miyezi ya Juni ndi Julaye, mwera ukamaomba, kunyanja kumazizira kuposa momwe anthu amaganizira. Choopsa china chachikulu kwa munthu wogona panja kuno ndi malungo. Mukamuona akutentha thupi kapena wasokonezeka mwadzidzidzi kuposa masiku onse, musathamangire kunena kuti ndi mowa, akayezetse. Chifuwa chosatha, kuonda ndi thukuta la usiku ndi zofunika kuyezetsa TB ndi HIV, ndipo mankhwala a zonsezi ndi aulere. Akakhala kunyanja, mkodzo wamagazi ndi likodzo, lomwe limachizika mosavuta. Kutsekula m'mimba kwamadzi musakudikirire kuti kuche, tonse tikukumbuka momwe kolera inasautsira boma lino mu 2022 ndi 2023. Chiphaso chake cha unzika ndi buku lake la kuchipatala zisungeni inu kunyumba, iye mumupatse kapepala kolembapo dzina lake, mudzi, mfumu ndi nambala ya foni ya wachibale.

Inu simungakhale pa boma usiku ndi usana, choncho mufunika maso a anthu ena. Mlonda wa sitolo imene amagonapo, anyamata a kabaza a pamalopo, amayi ogulitsa nsomba, onsewa amamuona kuposa inu. Apatseni moni, adziwitseni kuti ndinu mayi ake, asiyireni nambala. Akapita kunyanja, funsani doko limene ali ndipo mudziwane ndi wapampando wa komiti ya padokopo kapena mwini boti amene amamugwirira ganyu. Izi zili ndi phindu lina lalikulu. Munthu wooneka wopanda mwini ndi amene amayamba kulozedwa chala katundu akasowa, ndipo tikudziwa zimene gulu la anthu olusa limachita ndi munthu woganiziridwa kuba. Anthu akadziwa kuti uyu ndi mwana wa mayi uja amabwera Lachisanu, pamapezeka wina wonena kuti musiyeni, tiyeni tiwaimbire mayi ake.

Akamangidwa, musathamangire kukongola ndalama. Belo ya kupolisi ndi yaulere, ndipo malamulo aakulu a dziko lino amati womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Dziwaninso kuti mu Januwale 2017 khoti lalikulu ku Blantyre, pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene anamangidwa akupita kumsika usiku, linagamula kuti gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu, limene linkagwiritsidwa ntchito pomanga anthu pa vakabu, likutsutsana ndi malamulo aakulu. Kusauka ndi kusowa pogona si mlandu. Kuba, ndewu ndi chamba ndi milandu ndithu, ndipo akapalamula zimenezo a Legal Aid Bureau ndiwo amathandiza anthu amene sangathe kulipira loya. Ngati ali pa mankhwala, auzeni apolisi tsiku lomwelo.

Nanga bambo ake? Musawaone ngati mdani pa nkhaniyi. Bambo amene amati "ameneyo si mwana wanga" nthawi zambiri nawonso sagona, kungoti chisoni chawo chimatulukira mu ukali. Njinga ija inali miyendo yawo, ndipo mwina inali yopezera ndiwo za pakhomo. Musamabise kuti mukukaonana ndi mwanayo, chifukwa akadzazindukira kuti ufa ukutuluka mobisa, mudzakhala ndi mabala awiri m'malo mwa limodzi. Auzeni poyera kuti Lachisanu mumapita, ndipo simukuwakakamiza kutsagana nanu. Apa m'pamene atsibweni ake a mwanayo, alongo anu, ayenera kulowererapo. Mwa mwambo wathu mbumba ndi yawo, ndipo mawu amene bambo ndi mwana sangauzane maso ndi maso, mtsibweni amatha kuwanyamula. Iwonso ndi amene angakakambirane ndi akuchikazi kuti mwana wanu aziona ana ake, ngakhale kwa ola limodzi, asanamwe, wamkulu wina ali pomwepo. Ndaona amuna amene sankasamala za moyo wawo akusamba ndi kumeta chifukwa mawa akaona mwana. A ofesi ya zachisamaliro cha anthu pa boma angathandize pa zokambirana zotere, ngakhale musayembekezere kuti akapeza nyumba, popeza malo osungirako akuluakulu osowa pokhala ndi osowa kwambiri m'dziko muno.

Pakati pa khonde la sitolo ndi chipinda cha m'nyumba mwanu pali malo ena amene mabanja saaganizira. Kakhoza kukhala kanyumba kapadera kumapeto kwa bwalo, ka chitseko chakechake. Kakhoza kukhala kachipinda ka lendi yotsika pafupi ndi kumene amapeza ganyu, abale n'kusonkherana, ndalama n'kumapereka kwa mwini nyumba osati kwa iye. Ambiri amati ayambe wasiya mowa ndiye tidzamupezere pogona. Ine ndimaona kuti pamenepo timayambira kumapeto. Dziko la Finland kuyambira 2008 linasankha kuyamba kuwapatsa anthu otere pogona, za mowa ndi matenda n'kumazithandiza munthu ali kale m'nyumba, ndipo chiwerengero cha okhala nthawi yaitali opanda pogona chinatsika kwambiri. Ife ndalama za Finland tilibe, koma nzeruyo ndi yoona kulikonse: munthu amene sadziwa kumene agone usiku uno, amene amamwa kuti asamve kuzizira ndi mantha, n'kovuta kuti asiye mowa. Malamulo a pakhomo akhale ochepa ndi omveka, onenedwa pamaso pa atsibweni: osamenya kapena kuopseza munthu, osatenga katundu wa m'nyumba. Chimanga chikhale kokhoma, ndipo musachite nazo manyazi. Akaphwanya, abwerere kunja kwa kanthawi, koma Lachisanu lija lisathe. Ndipo konzekani kuti akhoza kubwera, kukhala miyezi iwiri bwinobwino, n'kuchokanso. Ambiri amene anakhazikika anayamba abwerera m'mbuyo kangapo. Ngati pali chiwawa, makamaka pakhomo pali adzukulu kapena inu muli nokha, chitetezo chanu chiyambe, ndipo kupolisi kuli nthambi yothandiza ozunzidwa ya Victim Support Unit.

Ndafika pa funso lanu lachiwiri, limene kwa ine ndi lalikulu. Chimene chikukudyani ndi chisoni chimene mudzi sudziwa kuchilira. Mwana akamwalira anthu amabwera, amagona pabwalo, amasonkha ufa, amakugwirani dzanja. Mwana akakhala moyo koma ali m'makonde, palibe amabwera kudzapepesa, m'malo mwake amanong'onezana pachitsime. Mumalira munthu amene mwamuona dzulo. Mvula ikagwa usiku mumadzuka n'kukhala tsonga, nsima ikafika pakamwa mumaganiza ngati iye wadya. Zonsezi si kufooka kapena kuchepa kwa chikhulupiriro, ndi momwe mtima wa kholo umachitira ndi chinthu chosatha.

Oti munamusasatitsa asakusokonezeni. Munalera ana angapo pakhomo limodzi, ndi dzanja limodzi, ndipo enawo sali m'makonde. Simunamugwire ndinu ku Joni, simunathetse ndinu banja lake. Ngati pali mawu amene munayankhula mutapsa mtima ndipo akukuvutitsani, kamupepeseni kamodzi pansi pa mtengo paja, zithere pomwepo. Anthu ofunsa mwachipongwe muwakonzere yankho limodzi lalifupi, monga lakuti "Akuvutika, tikumuthandiza, muzimupempherera," ndipo musawonjezerepo. Si aliyense ayenera kumva nkhani yonse. Koma pakhale munthu mmodzi kapena awiri amene mungawauze zonse osabisa, kaya ndi mnzanu wa ku Mvano, wa ku dawa, kapena mchemwali wanu. Mukayang'ana bwino mupeza kuti m'mudzi mwanu momwemo muli mayi wina amene mwana wake anasowera ku Joni kapena ali ngati wanuyu, ndipo nayenso akusowa womuuza.

Ikani malire pa zimene mungawononge pa mwezi, mogwirizana ndi zimene mumapeza, ndipo musapyole. Katapila ayi, ndipo ndalama za banki m'khonde zotengera bizinesi zisathere kwa iye. Ana anu enawo ndi adzukulu akufunanso mayi ndi agogo. Kawirikawiri mwana amene ali pamavuto amatenga nkhani zonse za pakhomo, enawo n'kumangoonerera mpaka kuyamba kumuda m'bale wawo. Muziwafunsako za moyo wawo, ndipo wina akafuna kukuperekezani Lachisanu kapena kupita m'malo mwanu mukadwala, muloleni. Kuukwati pitani, kumunda pitani, mukaseka musadziimbe mlandu. Kusadya kwanu sikumukhutitsa iye.

Mantha aakulu, amene simunawalembe koma ndikuwadziwa, ndi a foni yolira pakati pa usiku. Sindingakulonjezeni kuti sidzalira. Moyo wa panja ndi woopsa, ndipo nthawi zina makolo amachita zonse zoyenera koma mwana n'kutayika ndithu. Chimene ndinganene n'chakuti kapepala ka m'thumba, mbale ya kwa mayi wa nsima, mlonda wokhala ndi nambala yanu ndi jakisoni ngati akufunika, zimachepetsadi ngoziyo, pamene kukhala maso usiku wonse sikuichepetsa. Maganizo akakuchulukani mpaka kulephera kugwira ntchito, kapena nanunso mukayamba kuona ngati moyo ulibe phindu, dziwani kuti anamwino a zamaganizo aja alipo chifukwa cha inunso.

BP yokwera si yoisekerera pa msinkhu wanu, imatha kubweretsa sitiroko mosachenjeza. Sabata ino pitani kuchipatala mukayezetse, ndipo akakupatsani mankhwala muzimwa tsiku lililonse, osati pokhapokha mutu ukawawa. Pa ulendo womwewo funsani tsiku limene a matenda a maganizo amaona anthu, mukawafotokozere za mwana wanu. Mukatuluka, dutsirani kumsika mukamuuze za tsiku lokumana lija.